Kwa mayi amene afunsa za ma X ofiira m'mbali mwa M1

Mayi, mwati nyumba ndi magolosale a kwanuko m'mbali mwa M1 azilemba X wofiira, fumbi lakukwanani, ndipo simukudziwa kokadandaula. Ambiri akuyankhani za chipukuta misozi chokha. Nane ndiyambira pomwepo, koma nkhawa yanga yaikulu ili pena.

Ntchito imeneyi ndi ija yokonzanso msewu wa M1 imene inayamba mu 2022, kuchokera pamphambano yopita ku bwalo la ndege la Kamuzu, kudutsa Mponela, Madisi, Kasungu ndi Jenda mpaka pokhotera ku Mzimba, kuphatikizapo chigawo cha Kacheche mpaka Chiweta. Ndi makilomita pafupifupi 300, ndipo ndalama zambiri ndi ngongole ya European Investment Bank ndi thandizo la European Union. Ndatchula zimenezi chifukwa opereka ndalama otere amafuna kuti pakhale njira yolandirira madandaulo a anthu okhudzidwa. Funsani amfumu kapena akhansala kuti komiti ya madandaulo ya dera lanu muli ndani. Mwini ntchito ndi bungwe la boma loyang'anira misewu la Roads Authority, kontilakitala anangolembedwa ntchito, choncho kukangana ndi kapitawo pamsewu kungokutherani mawu.

Lamulo limasungira msewu waukulu malo, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Amene anamanga m'kati mwa malo amenewo, ndisakunamizeni, nkhani yawo imavuta. Komabe musagwetse chilichonse nokha owerengera katundu ochokera ku Unduna wa za Malo asanafike. Tsiku lowerengeralo mukhalepo inuyo, osatuma mwana. Alembe zonse: nyumba, chimbudzi, khola, mpanda, chitsime, mitengo ya mango ndi nthochi zomwe. Jambulani pa foni, ndipo musasaine kapena kudinda chala papepala lomwe simunawerenge. Anthu a lendi ndi amayi ogulitsa tomato pa mabenchi ndi amene amaiwalika msanga, pomwe ndi omwe malonda awo amafa tsiku lomwelo. Nawonso maina awo aperekedwe.

Koma ndalama ya chipukuta misozi imatha, msewu n'kutsala nanu zaka makumi. Phula likasalala, galimoto zimathamanga kuposa kale, ndipo M1 si msewu wa maminibasi okha: mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amadzera momwemu atalowa pa Songwe. Tsono taganizani za kwanuko. Sukulu ili mbali iti, nanga ana ambiri amachokera mbali iti? Mjigo, chigayo, chipatala, manda? Ngati mwana wa sitandade 1 azidumpha msewu m'mawa ndi masana, funsani lero kuti mahampu akhala pati, mizere yowolokera aijambula pati, nanga minibasi ziziima pati kuti zisamatsitse anthu pakati pa msewu. A kabaza ndi oyenda pansi awasiyira malo okwanira? Zimenezi zimatheka mathirakitala akadali pomwepo. Akangopakira n'kupita, mudzauzidwa kuti ndalama ya ntchitoyo inatha.

Madzi nawo ndi nkhani ina imene anthu amaizindikira mvula yoyamba itagwa. Msewu amaukweza, ndiye madzi amene kale ankamwazikana amasonkhana mu ngalande n'kutulukira pa kalavati imodzi ndi mphamvu. Ngati kumunsi kwa kalavatiyo kuli nyumba ya zidina kapena munda wa munthu, pakutha pa dzinja limodzi pamakhala chigwembe. Yendani ndi akuluakulu a m'mudzi, muone pomwe pali kalavati iliyonse ndi komwe madzi ake akulowera.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi maenje omwe amakumbamo dothi ndi miyala. Akawasiya osakwirira, amadzaza madzi, udzudzu umaswana, ana amakasambiramo osadziwa kuya kwake. Mwini malo asangogwirizana pakamwa ndi okumba. Pakhale pepala lonena kuti dzenjelo adzalikwirira liti, amfumu asainire ngati mboni.

Musaganize kuti mawu a anthu wamba sagwira ntchito. Mu 2021 ku Lilongwe, atayamba kudula mitengo ya m'mbali mwa Kenyatta Drive pokonzekera msewu wa mizere isanu ndi umodzi, anthu anadandaula kwambiri, ndipo bungwe loona zachilengedwe la MEPA linaimitsa ntchitoyo kaye chifukwa cha nkhani ya kafukufuku wa zachilengedwe. Koma mitengo yambiri inali itagwa kale, ndipo madzi akatayika saoleka. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu ngati imeneyi ikhale ndi lipoti lofotokoza momwe ikhudzire anthu ndi chilengedwe, komanso zomwe achite pochepetsa mavutowo. Lipoti limeneli si lachinsinsi. Kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga likugwira ntchito, choncho mutha kulipempha mwa kalata.

Za fumbi, kuthira madzi ndi bauza podutsa m'malo okhala anthu ndi udindo wa kontilakitala, si chifundo ayi. Muzilemba masiku amene sanathire. Jambulaninso makoma a nyumba zanu makina otsendera dothi asanafike pafupi, kuti ming'alu ikabwera asadzati inalipo kale.

Zonsezi zilembedwe m'kalata imodzi ya mudzi wonse, yosainidwa ndi amfumu, a komiti ya sukulu, a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ndi tcheyamani wa msika. Ipite kwa DC ndi ku Roads Authority, ina mutsale nayo atakudindirani tsiku lolandirira. Akakhala chete nthawi yaitali, pitani nayo ku ofesi ya Ombudsman, salipiritsa. Tiuzeninso kuti muli pa tiredi iti, mwina pagulu pano pali wa kufupi nanu amene akudziwa a komiti ya madandaulo.