Ndigule zovala zotani nyengo ikamasintha? Yankho kwa mchemwali wa ku Salima

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene anakulira ku Salima ndipo wangoyamba kumene ntchito ya mu ofesi ku Blantyre. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Ndikatsegula TikTok kapena Facebook ndimaona kuti mafashoni akusintha mwezi ndi mwezi. Malipiro anga ndi ochepa, lendi ndi thiransipoti zimadya gawo lalikulu. Ndizigula chiyani pa nyengo iliyonse kuti ndisaoneke wotsalira? Nanga inuyo, mwa zonse zimene munagulapo, mumakonda ziti?"

Achemwali, zikomo pondikhulupirira. Choyamba chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti kalendala ya m'foni mwanumo si yathu. Zambiri zimene mukuonazo zikujambulidwa ku London, ku Paris kapena ku New York, kumene nyengo zimayenda mosemphana ndi kuno. Mu Disembala iwo amakhala pa chisanu choopsa, n'chifukwa chake amaonetsa makhoti aatali ndi nsapato zofika m'maondo, pomwe ife tili pa chitungu ndi mvula. Mu Juni iwo avula zolemera, akuyenda ndi timadiresi topyapyala, pomwe ku Blantyre anthu akuotha mbaula m'mawa. Mukamatsatira iwowo mudzagula chinthu choyenera pa mwezi wolakwika. Ngati mukufuna koonera, onerani kwa anzathu a ku Johannesburg, poti chisanu chawo chimagwa miyezi yomweyi ngati chathu. Koma ngakhale iwo sadziwa matope a ku Bangwe. Ife tili ndi nyengo zitatu: chisanu kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chilimwe kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa cha mu Novembala, ndi dzinja mpaka Epulo. Zovala zanu zizimvera nyengo zimenezi.

Ndiyambe ndi chisanu, chifukwa munthu wochokera kunyanja chimamudzidzimutsa. Ku Salima mumadziwa mwera, mphepo imene imavundula nyanja. Ku Blantyre mukumana ndi chiperoni, mphepo yachinyezi yochokera mbali ya ku Mozambique, imene imabwera ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, nthawi zina masiku angapo dzuwa osaoneka. Kuzizira kwake kumalowa m'mafupa chifukwa kumabwera ndi chinyezi. Komabe masiku opanda chiperoni, m'mawa mumanjenjemera pa siteji ya minibasi, ikamakwana 12 koloko mwayamba kumva kutentha. Choncho chikhoti chimodzi cholemera sichikuthandizani kwenikweni. Chofunika ndi zovala zosanjikiza: bulauzi mkati, juzi pamwamba, kenako jekete yopepuka imene mungavule n'kukoleka pa mpando.

Apa ndiye pali chovala chimene ndimachikonda kuposa zonse. Ndi juzi yotuwa ya ubweya weniweni wa nkhosa, yamabatani kutsogolo, imene ndinaitola pa kaunjika ku Limbe mwezi wa Okotobala. Tsiku limenelo dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo mulu wa majuzi panalibe woucheukira. Wogulitsa anangoti, "Mayi, tengani, musandisiyire katundu ameneyu." Juzi imagulidwa ngati chimanga: nthawi yokolola, pamene aliyense sakuchilabadira, osati mu Febuluwale nkhokwe zitatha. Mukadikira Meyi, mtengo umakhala utakwera ndipo zabwino anzanu asankha kale.

Posankha pa kaunjika musathamange, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Tembenuzani juziyo muwerenge kachikwangwani kam'kati mwa msoko, kamene kamanena kuti inapangidwa ndi chiyani. Ya ubweya imafunda ngakhale itanyowa pang'ono ndi nkhungu. Ya ulusi wa pulasitiki imaoneka bwino tsiku loyamba, koma ikangochapidwa kangapo imatuluka timibulu pamimba ndi m'mikono. Ikwezeni moyang'anitsa kudzuwa, mabowo a njenjete amaonekera pomwepo. Yang'anani m'khwapa, m'zigongono ndi m'khosi, chifukwa chovala chimayamba kutha m'malo amenewa. Batani losowa lisakubwezeni, telala aliyense aikapo lina. Koma khosi lotamuka silibwerera. Mukafika nayo kunyumba, ichapeni m'madzi ozizira, osaipotokola pofinya, ndipo muiyanike chogoneka pa thaulo. Mukaikoleka pa chingwe ili yonyowa, imatalika mikono.

Ndinenepo za amalonda a kaunjika, poti ambiri timawanyoza tikamva mtengo. Mabelo amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa belo unakwera, ndipo mu Febuluwale 2025 amalonda a kaunjika anachita zionetsero ku Lilongwe podandaula za kukwera komweku. Amene wakhala padzuwa tsiku lonse akuitanira malonda uja si ndiye wakweza zinthu. Nenererani mtengo, ndi mwambo wa pamsika, koma mwaulemu. Ndipo mupeze mmodzi kapena awiri oti akudziweni nkhope. Afunseni tsiku limene amatsegula belo latsopano, mulawirire. Wogulitsa amene wadziwa saizi yanu amakusungirani chabwino pambali n'kukuimbirani foni. Masitolo a DAPP nawonso ndi abwino kwa munthu amene sakonda phokoso la pamsika, chifukwa zovala zimakhala zokoleka ndipo mumasankha mofatsa.

Chilimwe ndiye mukuchidziwa kuposa ine, inu a kunyanja. Blantyre satentha ngati Nsanje kapena Chikwawa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, koma minibasi yodzaza ya mu Okotobala ndi yokwanira kukuphunzitsani kusiyana kwa thonje ndi poliyesitala. Madiresi ambiri onyezimira amene akugulitsidwa pa WhatsApp ndi a poliyesitala. Pa chithunzi amakongola, koma salowetsa mphepo, amamata pathupi ndipo amasunga fungo la thukuta ngakhale mutachapa. Pa nyengo imeneyi funani mabulauzi a thonje otakasuka, awiri kapena atatu, a mitundu yosavuta kuphatikiza. Zoyera mbee ndi zokongola, koma fumbi la Seputembala silizimvera chisoni. Ine ndimasankha zotuwira, zabuluu kapena zofiirira pang'ono.

Chinthu chachiwiri chimene ndimachinyadira ndi chitenje cha wakisi chobiriwira, chamaluwa achikasu, chimene ndinagula pa msika wa Taifa ku Mzuzu, kumene zitenje zambiri zimalowera kuchokera ku Tanzania. Ndinagula chathunthu, mayadi 6. Anthu ambiri akagula chotere amasoketsa diresi limodzi lalitali lapamwambo, limene limavalidwa pa ukwati umodzi kenako n'kukagona m'sutikesi. Ine ndinapempha telala kuti asoke siketi yowongoka yofika m'munsi mwa mawondo ndi bulauzi payokha, ndipo chotsala chinakhala duku. Siketiyo ndimavala ndi malaya oyera ku ntchito. Bulauziyo imagwirizana ndi jinzi Loweruka. Zonse pamodzi ndi duku ndi chovala cha ku tchalitchi kapena ku chinkhoswe. Nsalu imodzi, koma anthu amaganiza kuti ndili ndi zovala zambiri. Ndipo masiku ano chitenje mu ofesi si chachilendo. Kuyambira pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, kuvala zosokedwa konkuno Lachisanu kunafala m'maofesi ambiri.

Chitenje chili ndi mabodza ake, choncho chenjerani. Wakisi weniweni amaoneka pafupifupi chimodzimodzi mbali zonse ziwiri; chikakhala chowala kutsogolo koma chotumbuluka kumbuyo, dziwani kuti mtundu anangoupaka pamwamba. Kuuma kwa nsalu yatsopano kusakunyengeni, nthawi zambiri ndi sitachi amene amachoka pa kuchapa koyamba n'kusiya nsalu yopyapyala ngati sefa ya ufa. Ngati wogulitsa alola, sololani kaulusi kamodzi m'mphepete n'kukayatsa ndi machesi: thonje limapsa n'kusiya phulusa lofewa, poliyesitala amasungunuka n'kuuma kambulu kolimba. Musanapite nacho kwa telala, chichapeni kaye, chifukwa thonje limafupika likalawa madzi koyamba, ndipo siketi yosokedwa ndi nsalu yosachapa idzakuthinani sabata yachiwiri. Poyanika, tembenuzani kunja kukhale m'kati, muyanike pamthunzi kuti chisasuluke.

Telala wabwino ndi wofunika kuposa sitolo iliyonse. Musamuyese ndi nsalu yanu yamtengo wapatali. Mpatseni kaye kantchito kakang'ono, kupinda siketi kapena kusintha zipi, muone mmene misoko yake ikuyendera m'kati. Muuzeni asiye nsalu yokwanira m'misoko kuti thupi likasintha adzathe kutakasa. Ndipo mudziwe kalendala yake: Disembala yense amakhala atakwiririka ndi zovala za Khirisimasi, sukulu zikamatsegulira amakhala pa mayunifolomu. Nsalu yoperekedwa nthawi imeneyo imasokedwa mothamanga usiku.

Pali chinthu china chimene chimadya ndalama za atsikana apantchito m'chilimwe, ndipo sichichokera ku TikTok. Ndi zitenje za mayunifolomu a zinkhoswe, maukwati ndi mabridal shawa, zimene zimachuluka anthu akakolola mpaka mvula itayamba. Gulu lililonse la pa WhatsApp limasankha chitenje chake, ndipo mumauzidwa kuti mugule ndi kusoketsa. Ine maganizo anga ndi akuti mugule za abale enieni ndi anzanu apamtima basi. Kwinako pitani ndi chovala chanu chaulemu, mukafupe pa perekaniperekani ndi mtima wonse. Eni mwambo ndalama imeneyo iwathandiza kuposa kufanana kwa nsalu. Koma pa 15 Okotobala, Tsiku la Amayi, chitenje cha mayi anu ku Salima musachiphonye. Chimenecho chiikeni pa bajeti kuyambira pano.

Za mathalauzi otakasuka amene ali m'fashoni panopa, ndimawakonda, ndipo pa kutentha ndi abwino kuposa jinzi yothina. Ndikawavala ndimakumbukira kuti amayi athu sankaloledwa: lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, mpaka linachotsedwa pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Valani momasuka. Kungoti m'chikwama musamasowe chitenje chopinda, chifukwa uthenga wa maliro sutchula tsiku, ndipo kwa apongozi kapena kumudzi mudzachifuna.

Dzinja ndi nkhani ya kumapazi. Mathalauzi aatali okwekwereza pansi aja asungeni, chifukwa pofika ku ofesi m'mphepete mwake mudzakhala matope okhaokha. Nsalu zolemera monga jinzi zimatenga masiku kuti ziume, choncho dalirani masiketi ndi madiresi opepuka ofika pa katumba. Chachitatu pa zimene ndimakonda si chokongola konse, koma chandisungira nsapato zambiri: ndi tinsapato takuda ta pulasitiki totseka kutsogolo, tokhala ndi mano kunsi kuti ndisaterereke. Ndimayenda nato kuchoka kunyumba, ndikafika ndimatitsuka pa mpope, n'kuvala nsapato zachikopa zimene zimakhala m'dirowa ya ku ofesi dzinja lonse. Chikopa chikanyowa n'kuuma kangapo chimasweka, ndipo guluu wa kunsi amamatuka. Ngati mumakwera kabaza, jekete ya mvula yokhala ndi chipewa ikuthandizani kuposa ambulera, imene mphepo imaitembenuza.

M'dzinja muzisita chilichonse chimene chayanikidwa panja, ngakhale zam'kati ndi matawulo. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pa udzu, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu n'kutupitsa ngati chithupsa. Kutentha kwa simbi kumapha mazirawo. Magetsi akazima, simbi ya makala imagwira ntchito yomweyo. Komanso musatsekere m'kabati chovala chimene sichinaumitsitse, chimachita chuku, ndipo madontho akuda a chuku pa bulauzi yoyera sachoka. Dzuwa likangotuluka, tulutsani nsapato ndi juzi ija zipitidwe mphepo.

Nanga kutsalira kumene mukuopako? Ine ndaona kuti chimene chimasintha chaka ndi chaka nthawi zambiri ndi zinthu zazing'ono: kukula kwa mikono ya bulauzi, kutalika kwa siketi, mtundu umene wafala, ndolo ndi chikwama. Zimenezi sizifuna kusintha kabati yonse. Pa nyengo iliyonse dziloleni chinthu chimodzi cha fashoni chimene mtima wanu wachikondadi, chotsika mtengo, ndipo musanalipire muwerenge m'mutu zovala zitatu za kunyumba zimene chingagwirizane nazo. Zikapanda kukwana zitatu, chisiyeni. Jekete yaikulu mapewa imene atsikana akuvala masiku ano ili mbwee pa mulu wa masuti a abambo pa kaunjika. Telala akangofupikitsa mikono, yatheka. Ndipo chonde musatenge zovala pa ngongole yolipira pa mapeto a mwezi. Amayi oyenda ndi zikwama m'maofesi aja ndi okoma pakamwa, koma malipiro amene afika atagawidwa kale amawawa.

Popeza kalata yanu yafika chilimwe chikuyamba, nayi ndondomeko imene ndingatsate ndikanakhala inu. Malipiro a mwezi uno, mabulauzi awiri a thonje ndi chitenje cha mayi. A Okotobala, juzi ndi jekete pa kaunjika zikadali zotsika, komanso nsalu yanu ipite kwa telala asanadzazidwe. A Novembala, nsapato za pulasitiki ndi jekete ya mvula, mitambo isanayambe kuda ku Ndirande. Mukandilemberanso mundiuze dera limene mukukhala ndi mtunda umene mumayenda wapansi kukafika pa siteji, chifukwa wa ku Chilomoni ndi wa ku Namiwawa safuna nsapato zofanana.