Integrating factor ikundikanika, ndikulakwitsa pati?

Funso: Aphunzitsi, ndili chaka choyamba kukoleji. Samu ya x(dy/dx) + 2y = x³ yandisowetsa tulo. Ndikutenga e^(2x) ngati integrating factor koma sizikutuluka.
Wophunzira wa ku Zomba

Yankho: Mwanawe, wathamangira. Ambiri amapunthwa pomwepo, ndipo zimandiwawa chifukwa cholakwikacho n'chaching'ono. Yamba wagawa zonse ndi x kuti dy/dx itsale yokha: dy/dx + (2/x)y = x². Tsono chochita integrate ndi 2/x, osati 2. Upeza 2 ln x, ndiye integrating factor, chochulukitsira mbali zonse ziwiri kuti samuyo itheke, ndi e^(2 ln x), yomwe ndi x² basi.

Chulukitsa mbali zonse ziwiri ndi x², yakumanja usaiwale. Kumanzere kusanduka d(x²y)/dx, kumanja x⁴. Ukachita integrate mbali zonse ziwiri, upeza x²y = x⁵/5 + C, pomwe C ndi nambala yosasintha. Pogawa ndi x², C nayenso agawidwe: y = x³/5 + C/x².