Kodi alendo odzaona nyama angatipindulire chiyani?

Funso: Akonzi, ine ndine mlimi wa m'boma la Chikwawa, ndipo mudzi wathu uli pafupi ndi mpanda wa nkhalango yosungirako nyama ya Majete. Chaka ndi chaka timaona magalimoto a alendo akudutsa pamsewu, ife n'kumangotsala ndi fumbi. Kodi anthu amene tinaleka kusaka ndi kutema mitengo m'nkhalangomo tingapeze bwanji gawo lathu? Mlimi wa ku Chikwawa.

Yankho: Bambo, magalimoto amenewo ali ndi mbiri yake. Nyama zinali zitatsala pang'ono kutheratu ku Majete pamene bungwe la African Parks linagwirizana ndi boma mu 2003 kuti liziyendetsa malowa. Zipembere zinabwezeretsedwa chaka chomwecho, njovu mu 2006, ndipo mikango inafika mu 2012. Komabe mlendo salipira chifukwa chakuti mudzi uli pafupi ndi mpanda. Amalipira chimene wadya, pamene wagona, ndiponso munthu amene wamuonetsa zimene sakanaziona yekha.

Choncho yambani ndi komiti ya m'dera lanu imene imagwira ntchito ndi oyang'anira nkhalangoyi, chifukwa nkhani za ulimi wa njuchi, kumweta udzu wofolera pa nyengo yololedwa, ndi ndalama za malo ogonapo alendo omanga matenti, zomwe zimathandiza midzi yozungulira, zimadzera m'magulu otere. Malo ogona alendo amafuna tomato, mazira ndi uchi mlungu uliwonse, osati tsiku limene mlimi wafuna ndalama ya mchere. Munthu mmodzi sangakwanitse zimenezo, koma kalabu ya alimi khumi okhala ndi madimba ingathe. Mgwirizano wake ulembedwe, mfumu ikhale mboni, ndipo mtengo ndi tsiku lolipira zioneke papepala, pakuti mikangano ya m'magulu kawirikawiri imayambira pa ndalama imene aliyense akuikumbukira mosiyana.

Chuma china ndi nzeru zimene a m'chigwa cha Shire muno amaziona ngati wamba. Dambo la Elephant Marsh linalembedwa mu 2017 pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo msodzi amene amadziwa njira za bwato m'mabango, pobisala mvuu ndi ng'ona, ndi potera mbalame, ali ndi chogulitsa kwa okonda kuona mbalame. Mnyamata wodziwa mapazi a boo, nyama yofanana ndi mbawala ya ku nkhalango ya Lengwe, nayenso angaphunzire ntchito yoperekeza alendo. Koma kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, si msika ayi. Mlendo afikeko pokhapokha osunga malowo alola, ndipo atsate mwambo wa Amang'anja.

Musasiye munda wanu wa mapira kapena wa thonje. Alendo amachuluka m'chilimwe, ndipo Shire akasefukira m'dzinja n'kudula misewu, kalabu yanu idzakhala milungu ingapo osagulitsa ngakhale dzira limodzi.