Malo oswanirana nsomba satetezedwa ndi chikwangwani

Achimwene, imelo yanu yandifika pamtima. Mwati muli mu komiti ya asodzi kunyanja ya Chilwa, mudapatula malo oti nsomba ziziswana, koma usiku anthu akukokamo makoka. Ndiye mukufunsa kuti anzathu a kunyanja zamchere amatani kuti malo otere alemekezeke.

Ine ndidaphunzira ndi ndalama za matemba. Amayi ankalawirira kupita ku Kachulu kukaoda nsomba n'kudzagulitsa mumsika wa Zomba, ndipo amalume anali msodzi wokhala pachimbowera, kanyumba koyandama pamadzi, pakati pa mabango, kwawo kumangobwera mwa apo ndi apo. Nyanja itauma mu 1995, pakhomo pathu padalowa njala yeniyeni. Mabwato adangoti mbwee pamatope ong'aluka, anthu n'kumayenda wapansi kupita kuchilumba cha Chisi. Amayi adayamba kugulitsa zitumbuwa, amalume n'kumalima maganyu m'minda ya anthu amene kale ankakongola ndalama kwa iwo. Chimene sindiiwala n'chakuti nsomba zochepa zidatsalira m'maiwe a mitsinje ngati Likangala ndi Domasi, ndipo mafumu adaletsa kuthiramo katupe. Anthu anali ndi njala, komabe ambiri adamvera, chifukwa aliyense ankaona ndi maso ake kuti mbewu ya nsomba yatsala m'maiwemo basi. Madzi atabwerera, matemba, milamba ndi makumba zidabwereranso.

Patapita zaka, amalume omwewo adawalanda khoka nyengo yotseka nyanja n'kuliwotcha iwo akuona. Adalakwadi, sindikuwaikira kumbuyo. Koma sabata yomweyo makoka a munthu wina wachuma ankakokedwa dzuwa likuswa mtengo, chifukwa iye adapereka kangachepe kwa olondera. Kuyambira tsiku limenelo amalume sadapitenso kumsonkhano uliwonse wa zausodzi mpaka kumwalira kwawo. Munthu amene adasunga maiwe ali ndi njala adasanduka mdani wa lamulo chifukwa cha tsankho. Ndikamva wina akunena kuti asodzi ndi osamva, mtima umandiwawa, ndipo ndimakana kwamtuwagalu.

Kunyanja zamchere vuto ndi lomweli. Mu Disembala 2022 mayiko adagwirizana ku Montreal kuti pofika 2030 magawo 30 pa 100 alionse a nyanja ndi mtunda akhale otetezedwa. N'zabwino, koma malo ambiri otere amathera pamapu, opanda bwato lolondera, opanda mafuta, eni dera osafunsidwa. Kumene zayenda bwino ndi kumene asodzi adagwira okha nkhaniyo. Ku Andavadoaka, m'dziko la Madagascar, mu 2004 anthu adatseka kadera kochepa kogwirako octopus, chamoyo cha m'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu, kwa miyezi ingapo. Atatsegula adagwira zazikulu, ndipo midzi yoyandikana idayamba kutengera popanda woikakamiza. Ku Kuruwitu, kugombe la Kenya, asodzi adapatula okha malo amene amawatcha tengefu, nsomba n'kuchulukana mpaka kusefukira kunja kwa malire kumene amaloledwa kupha.

Ndipo sitikufunika kupita kutali. Pachilumba cha Mbenje ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, asodzi onse n'kuchokapo, ndipo tsiku lotsegula limakhala mwambo waukulu. Lamulo lake ndi limodzi kwa mwini injini ndi kwa mwini bwato lopalasa. Ine ndimati chinsinsi chonse chili pomwepo.

Pali china chimene chimandidya mtima tsiku ndi tsiku ndikayang'ana phiri la Zomba. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, chilichonse chotsika kumtunda chimathera momwemo. Ife a m'tauni timagula makala, mitengo ikutha, mvula ikagwa Likangala amatsika wofiira ndi dothi, ndipo nyanja yosaya kale ikukwiririka. Dzikoli lidalembetsa nyanjayi pa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo mu 1997, koma mu 2018 mbali yaikulu idaumanso. Ndiye tizidzudzula msodzi yekha? Za maneti a udzudzu amene amasesa ndi tiana ta nsomba tomwe ndikayamba kulemba sindimaliza lero.

Nanga inu muchite chiyani?

Malire a malowo muwaikenso pamodzi ndi asodzi onse, obwera omwe, ndipo musaiwale amayi oyanika ndi ogulitsa nsomba, chifukwa iwo amadziwa amene wabweretsa nsomba zakuba m'mawa. Malowo akhale ochepa moti mungathe kuwalondera ndi mabwato amene muli nawo. Malamulo anu alembedwe, amfumu ndi a zausodzi kuboma asainire, popeza lamulo la usodzi la 1997 limalola anthu a m'dera kutenga mbali posamala nsomba. Ndalama za chindapusa muziziwerenga pagulu, zina zigule mafuta olonderera. Muzilembanso m'kope nsomba zogwidwa pafupi ndi malowo mwezi ndi mwezi kuti anthu aone kusintha. Ndipo tsiku limene mudzagwire khoka la wachibale wa wapampando kapena la munthu wandalama, mlandu wake ukazengedwe pabwalo lomwe mumazengera wa wina aliyense, chindapusa chake chofanana.