Funsani Dokotala: Kodi sefa ya mikanda ingachotse mtovu m'madzi a pachitsime?

Funso: Adokotala, ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo madzi a kumpopi akasiya timatunga pachitsime cha pakhomo. Chapafupi ndi chitsimecho pali anthu amene amaphwanya mabatire akale a galimoto. Ndili ndi ana aang'ono awiri, choncho madzi akumwa ndimawiritsa nthawi zonse. Wogulitsa wina wandionetsa sefa yokhala ndi timikanda m'kati mwake, akuti imachotsa mtovu. Kodi n'zoona, nanga kuwiritsa sikukwanira? Ndine mayi wodera nkhawa.

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, chifukwa batire ya galimoto imakhala ndi mtovu wambiri pamodzi ndi asidi, ndipo zimene zimatayikira pansi poiphwanya zimatha kutsika ndi madzi a mvula mpaka kufika m'chitsime chosazama. Kuwiritsa musaleke, popeza kumapha tizilombo toyambitsa kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba, koma mtovu sutha ndi moto. Madzi akamawira, ena amatuluka ngati nthunzi pamene mtovu wonse umatsalira mumphika, motero m'madzi otsalawo umakhala wochulukirapo kusiyana ndi poyamba. Klorini nayenso amapha tizilombo basi, zitsulo zosungunuka sazikhudza, ndipo madzi okhala ndi mtovu amatha kuoneka oyera mbee, opanda fungo lililonse.

Bungwe la World Health Organization linaika malire a mtovu m'madzi akumwa pa mamiligalamu 0.01 pa lita imodzi, komabe limanenetsa kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu umene wameza kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo mtovuwo umaononga ubongo umene ukukula, umachepetsa magazi, umavulazanso impso. Chimene chimandipweteka mtima kwambiri pa matendawa n'chakuti mwana samva kupweteka kulikonse poyamba. Makolo amangoona kuti akuchedwa kulankhula kapena akuvutika kusukulu, n'kumamudzudzula kuti ndi waulesi. Anzathu a ku Kabwe m'dziko la Zambia akulimbanabe ndi vutoli mpaka lero, ngakhale mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa mu 1994.

Tsopano za sefayo. Timikanda timene mwaonato, ngati wogulitsayo akunena zoona, ndi mankhwala otchedwa resin, a mtundu wa polima, gulu la zinthu monga pulasitiki. Pa kamkanda kalikonse pali malo ambirimbiri ogwirira, ndipo poyamba malowo amakhala atagwira sodium (amene amapezeka mu mchere) kapena hydrogen. Mtovu ukasungunuka m'madzi umakhala tizigawo tosaoneka ndi maso tokhala ndi mphamvu ya magetsi, ndipo madzi akamadutsa pakati pa timikandato, malo ogwirira aja amataya sodium n'kugwira mtovu, popeza mtovu umamatirira mwamphamvu kuposa sodium. Njira imeneyi ndi yeniyeni, imagwiritsidwa ntchito m'mafakitale ndi m'masefa abwino a m'nyumba, ndipo imagwiranso zitsulo zina monga cadmium ndi mkuwa. Palinso mapolima ochokera ku zachilengedwe, monga chitosan amene amapangidwa kuchokera ku zigoba za nkhanu, ndi alginate wochokera ku ndere za m'nyanja zamchere. Kuno kwathu, akatswiri a ku Chancellor College ku Zomba anafufuzapo ufa wa njere za chammwamba ndipo anapeza kuti m'labotale umachotsako mtovu m'madzi, koma sindingakulangizeni kudalira ufa umenewu pakhomo, chifukwa palibe njira yoti mudziwire kuchuluka kwa mtovu umene watsala.

Vuto lalikulu la sefa yotereyi ndi lakuti imadzaza. Malo ogwirira akatha, mtovu umangodutsa, koma madzi amatulukabe oyera monga kale, ndiye banja limapitiriza kumwa likuganiza kuti ndi lotetezeka. Madzi a m'zitsime ndi m'mijigo yambiri amakhalanso ndi calcium ndi magnesium wochuluka, zimene zimachititsa kuti sopo asachite thovu ndi kuti ketulo ichite zoyera m'kati, ndipo zimenezi zimalanda malo ogwirira aja, mwakuti sefa imatha msanga kuposa mmene analembera pabokosi. Madzi amatope amatseka timikandato, ndipo sefa yokhalitsa ili yonyowa imasanduka malo oswanirana tizilombo. Komanso resin yogwira mtovu siigwira arsenic, poizoni wina wopezeka m'madzi a pansi pa nthaka, amene anadwalitsa anthu miyandamiyanda omwa madzi a m'mijigo ku Bangladesh. Kuchotsa arsenic kumafuna sefa ya mtundu wina.

Choncho musanapereke ndalama zanu, yambani mwayezetsa madziwo. Funsani ku Central Water Laboratory, labotale ya boma yoyeza madzi kuno ku Lilongwe, kapena ku Malawi Bureau of Standards za mtengo wake ndi katungidwe ka madzi okayezetsa, ndipo munene momveka kuti mukufuna ayeze mtovu, chifukwa kuyeza tizilombo ndi ntchito ina. Ngati mtovu wapezeka, njira yodalirika kwambiri ndi kusiya kumwa ndi kuphikira madzi a pachitsimecho, n'kumasunga madzi a Lilongwe Water Board m'zigubu zotseka bwino pa masiku amene akutuluka. Ngati sefa ndi yosapeweka, yang'anani chizindikiro cha NSF/ANSI 53, chosonyeza kuti sefayo inayesedwa n'kuvomerezedwa, chotchula mtovu mwachindunji, funsani malita amene imasefa isanathe, ndiponso ngati timikanda tosinthira timapezeka mu mzinda muno. Wogulitsa amene sangayankhe mafunso amenewa musamugule. Timikanda takutha tisatayidwe pafupi ndi chitsime kapena posewerera ana, popeza mtovu wonse uja uli mmenemo.

Ndikupempheninso kuti maso anu asakhale pa madzi pokha. Pafupi ndi malo ophwanyira mabatire, ana amameza mtovu wambiri kudzera m'fumbi ndi dothi limene limamatirira m'manja ndi pa zidole, kotero asasewere kumeneko, asambe m'manja ndi sopo asanadye, ndipo m'nyumba muzikolopa ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa pouma. Apatseni zakudya zokhala ndi iron ndi calcium, monga usipa, matemba, nyemba, bonongwe ndi mkaka, chifukwa thupi loperewera zimenezi limayamwa mtovu wochuluka. Pitani nawo kuchipatala, mufotokoze za mabatirewo, apimidwe kuchuluka kwa magazi ndi kakulidwe kawo, ndipo mufunse za kuyeza mtovu m'magazi. Mwana akayamba kusanza pafupipafupi, kudandaula m'mimba, kugona mopitirira muyeso kapena kukomoka, thamangirani naye ku Kamuzu Central Hospital tsiku lomwelo. Nkhani ya ophwanya mabatirewo muitengerenso kwa mfumu ya m'dera lanu ndi kwa alangizi a zaumoyo, chifukwa zitsime za anansi anu zimatunga madzi pansi pomwepo.