Yesani kaye mkhalapakati musanakasume kukhoti

Mayi, ndawerenga funso lanu lonena za mnzanu amene munayamba naye bizinesi, amene tsopano mwasemphana naye pa kagawidwe ka phindu, ndipo mukufunsa ngati kuli bwino kukamusumira. Malangizo anga ndi akuti muyambe mwayesa mkhalapakati, makamaka popeza mwanena kuti mukufunabe kuti bizinesiyo ipitirire, pamene anthu awiri amene anaimikana pamaso pa woweruza sabwererana msanga.

Muyenera kudziwa kuti mkhalapakati sagamula mlandu ndipo sanena amene walakwa. Ntchito yake ndi kukuthandizani nonse awiri kuti mumvane nokha, ndipo palibe chimene chingakumangeni ngati simunachivomereze. Nthawi zambiri amayamba wakukhazikani pamodzi kuti aliyense afotokoze mbali yake, kenako amalankhula ndi aliyense payekha, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona mphamvu ya njirayi. Muli awiri ndi iye mungathe kunena momasuka ndalama zimene mungakhutire nazo, kapena kuvomereza pamene nanunso munaphonya, podziwa kuti sakaulula kwa mnzanuyo popanda chilolezo chanu. Kawirikawiri m'zokambirana zapaderazi mumatulukira kuti gwero la mkangano silinali ndalama zokha, koma kuti wina anaona ngati akupeputsidwa, chinthu chimene khoti silikonza. Komanso m'malamulo a mayiko ambiri, zimene zanenedwa pokambirana sizitengedwa ngati umboni nkhaniyo ikadzafika kukhoti, ngakhale kuti ndi bwino kusayinirana za chinsinsichi musanayambe.

Njirayi si yachibwana ayi. Dziko la Italy linakhazikitsa lamulo mu 2010 lofuna kuti mitundu ina ya milandu idutse kaye kwa mkhalapakati, ndipo mu 2023 khoti la apilo ku England linagamula kuti oweruza angathe kulamula anthu okangana kuti ayese kaye kuthetsa nkhani yawo kunja kwa khoti. Pa mikangano ya malonda yodutsa malire a mayiko palinso pangano limene linasayinidwa ku Singapore mu 2019, lothandiza kuti zimene anthu agwirizana kwa mkhalapakati zitsatidwe m'mayiko amene analivomereza.

Sankhani munthu amene nonse mukumukhulupirira, wopanda ubale kapena phindu lililonse ndi mbali imodzi, ndipo mugwirizane pachiyambi za malipiro ake, amene nthawi zambiri mbali ziwiri zimagawana. Pitani ndi malisiti, mabuku a ndalama, zikalata za kubanki ndi mauthenga amene munkalemberana.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikukupemphani kuti musazinyozere. Malamulo amaika nthawi imene munthu ayenera kukasuma, ndipo si paliponse pamene kukambirana kumaimitsa nthawiyo, choncho funsani loya kuti akuuzeni tsiku limene yanu ithere, kuopa kuti mnzanuyo angamakuzengerezeni mpaka mwayi wokasuma utadutsa. Chachiwiri, mukamvana, zonse zilembedwe bwinobwino: ndalama zingati, adzapereka ndani, pofika tsiku liti, ndiponso chidzachitike n'chiyani wina akalephera. Loya awerenge chikalatacho musanasayine, ndipo mumufunse ngati n'kotheka kukachipereka kukhoti kuti chikhale ndi mphamvu ya chigamulo, chifukwa mgwirizano wapakamwa aliyense amadzaukumbukira mosiyana.

Koma ngati mnzanuyo anakuopsezanipo, kapena mukuona kuti akubisa katundu ndi kuchotsa ndalama mwachinyengo, musataye nthawi ndi zokambirana, chifukwa khoti lokha ndi limene lingamuletse mwamsanga. Ngati zimenezi palibe, mulembereni kalata yaulemu yomupempha kuti mukumane pamaso pa mkhalapakati, mumupatse masiku oti ayankhe, ndipo musunge kope la kalatayo.