Kaphokoso ka kuseri kwa dashibodi ya Land Rover yakale

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Mulanje. Anatsala ndi Land Rover Series IIA ya 1968, yaitali ija ya 109, imene malume awo ankayendera kalekale. Akuti galimotoyo ikangothamanga pang'ono, kuseri kwa sipidomita kumamveka phokoso ngati njenjete, nthawi zina kutetekera, ndipo kamuvi kamavina. M'mawa kukazizira phokosolo limanyanya. Makaniko wina wawauza kuti apopere mafuta a m'chitini aja kuseri kwa mita. Funso lawo ndi loti: apopere, kapena angogula kebulo yatsopano ya sipidomita?

Achimwene, musapopere, ndipo musathamangire kugula. Yambani mwadziwa chimene chikulira, chifukwa zinthu zitatu zimabisalirana pamenepa: kebulo, mita yeniyeniyo, ndi nati imodzi ya pansi pa galimoto imene anthu ambiri saiganizira n'komwe.

Kebuloyo ndi zinthu ziwiri. Kunja kuli chikopa chonga paipi yopindika, mkati muli chingwe cha mawaya opotana chimene nsonga zake zonse ndi za ngodya zinayi. Pa Land Rover yanuyo nsonga yapansi imalowa kumbuyo kwa transfer box (bokosi la magiya logawa mphamvu ku matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo), pafupi ndi dilamu ya handibuleki, yapamwamba imalowa kuseri kwa mita. Chingwe chikamazungulira chimazunguliritsa maginito mkati mwa mita, maginitoyo n'kumakoka kambale ka aluminiyamu popanda kukakhudza, ndipo kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kamabwezera kamuvi pansi. Mukayang'anitsitsa pankhope ya mita muona kanambala kakang'ono, monga 1408 kapena 1536. Imeneyo ndi nambala ya maulendo amene chingwe chimazungulira pa mailo imodzi. Ganizirani chingwe chouma, chimene chinaona girisi komaliza malume anu ali mnyamata, chikuzungulira chotero kuchokera ku Chitakale mpaka ku Limbe. Chilekerenji kulira?

Kuyesa koyamba n'kosavuta. Pa Series IIA mamita ali pakati pa dashibodi, pachitsulo chomangidwa ndi masikuluu ochepa. Chotsani kaye waya wa batire, chifukwa kuseri kumeneko kuli mawaya amoto amene ankhoza kukhudza chitsulo. Kokani chitsulocho pang'ono, masulani ndi zala nati yamizeremizere imene yagwira kebulo, ikani kebuloyo pambali posakhudza mawaya, bwezani batire, yendani mtunda pang'ono. Phokoso likapitirira, ndi kebulo. Likatha, mwina mlandu uli m'mita, ngakhale kuti nthawi zina limatha chabe chifukwa chingwe chapepukidwa katundu. Kuti mutsimikize, tengani kachidutswa ka chingwe chakale, kamangeni pa drill (makina oboolera aja), kalowetseni kuseri kwa mita n'kuzunguliritsa pang'onopang'ono. Kamuvi kakakana kukwera, tembenuzani drill izungulire chobwerera. Mita yabwino imakweza kamuvi mwakachetechete n'kukaimika phee. Ikalira pamenepo, ndiye kuti kabushi ka pakhomo pake kauma kapena kadyeka. Kadontho kamodzi ka oyilo wa makina osokera pakhomopo kamathandiza. Kamodzi, osati kawiri. Kupitirira apo ipititseni kwa munthu wozolowera tizitsulo ting'onoting'ono, monga okonza mawotchi, osati wa nyundo.

Koma kawirikawiri ndi kebulo. Chingwe chamkati chimasololoka kuchokera kumwamba. Chikokeni ndi pulayala mofatsa, muchitsuke m'palafini mpaka girisi wakale wonga phula atachoka, muchipukute. Kenako chiyendetseni pakati pa zala muli ndi kansalu: kansalu kakakodwa, pali waya woduka, ndipo chingwe chimenecho chatha ntchito. Chigwireninso nsonga zonse ziwiri chikulendewera ngati uta, muzichipota ndi zala. Chabwino chimazungulira mosalala. Chopindika chimalimba kaye kenako n'kudumpha mwadzidzidzi, ndipo kudumpha kumeneko ndi kumene mukuona pa kamuvi kanu. Chingwe chopindika sichiwongoka. Ndaonapo anthu akuchimenya pathabwa, chikabwerera m'galimoto gule ndi yemwe uja. Onaninso nsonga: ngodya zikadyeka n'kukhala zobulungira, zimaterereka m'malo mwake.

Chingwe chikapambana mayeso onsewa, chipakeni girisi wofewa, wochepa kwambiri, wongoti chinyezimire. Masentimita 20 a kumwamba muwasiye osapaka. Apa ndi pamene ndimakanirira malangizo a makaniko wanu uja. Mawaya a chingwecho ndi opotana ngati sikuluu, ndiye chikamazungulira chimatha kukankhira mafuta m'mwamba mpaka m'mita. Mafuta akafika pakati pa maginito ndi kambale kaja, kambale kamayamba kukokedwa ndi mafutawo, kamuvi n'kumanama. Ine zinandichitikira ndili wachinyamata: ndinathira oyilo wa injini m'kebulo mowolowa manja, phokoso linathadi, koma patapita milungu ingapo mita inkandiuza kuti ndikuuluka pamene anyamata a kabaza ankatsala pang'ono kundipitirira pachitunda. Mafuta opoperawo nawonso ndi opyapyala, amasungunula girisi wotsalayo kenako n'kuuma, phokoso n'kubwerera mwezi usanathe.

Mukasolola chingwe n'kupeza chanyowa kale ndi oyilo wonunkha wa giyabokosi, EP90 uja, dziwani kuti kasili kotchinga oyilo ka pamene kebulo imalowera pa transfer box kafa. Sinthani kameneko choyamba, apo ayi mukhala mukutsuka chaka chonse.

Pobwezera, lowetsani chingwe mukuchipota mpaka mutamva kuti nsonga yapansi yakhala m'malo mwake ndipo sichikuzunguliranso ndi zala. Nati ya kuseri kwa mita imangeni ndi zala zokha. Ikamakana, musaikakamize, chingwe sichinakhazikike. Tsatiraninso njira yonse imene kebulo yadutsa. Galimoto ya zaka zoposa makumi asanu yadutsa m'manja ambiri, ndipo mupeza wina anaimangirira ndi waya pa chasisi mokhotetsa kwambiri, kapena yagona pa ekizozi n'kupsa. Isakhote mothina kuposa mmene ingazungulirire mbale yaikulu ya nsima, ndipo pamene ikuboola chitsulo cha kutsogolo kwa mapazi pakhale labala.

Tsopano nati ija. Pa ma Land Rover a Series, giya yoyendetsa sipidomita ilibe kiyi woigwira pa shafiti. Imangopanikizidwa ndi nati yaikulu imene yamanga flange ya kumbuyo, chitsulo chozungulira chimene chili pamene propshaft yakumbuyo (shafiti yopititsa mphamvu ku matayala a kumbuyo) imalumikizana ndi transfer box. Natiyo ikamasuka pang'ono, giya imayamba kuterereka, kamuvi kamatsika ndi kukwera, makamaka mukaponda kapena kusiya mafuta. Anthu amasintha makebulo awiri, atatu, kutukwana ogulitsa zipangizo, chonsecho vuto ndi nati imodzi. Masulani mabauti anayi a propshaft, muona natiyo pakati, yokhala ndi kapini koitsekera. Imangidwe ndi sipanala yoyeza kulimba kwa nati (torque wrench) pa 85 lb ft, imene ndi pafupifupi 115 Nm, ndipo muike kapini katsopano. Chonde, musanalowe pansi pa galimoto, tchingani matayala ndi miyala kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Handibuleki ya Land Rover imagwira propshaft, osati matayala. Mukangoimasula propshaft, galimoto ilibenso choigwira, ndipo pamalo otsetsereka ngati kwanu kuphiriko imeneyo si nkhani yoseka.

Kwa inu, poti phokoso limanyanya kukazizira, ndikukaikira girisi wouma, ndipo palafini wa kapu imodzi ankhoza kuthetsa nkhaniyi Loweruka limodzi. Chingwe chikapezeka chopindika, gulani kebulo yonse, chikopa ndi chingwe chomwe, chifukwa chingwe chatsopano m'chikopa chodyeka sichikhalitsa. Popita kukagula nyamulani yakaleyo. Ya Series III imafanana nayo pongoiona, koma kumwamba kwake ili ndi kapulasitiki kokanikiza m'malo mwa nati, ndipo pa mita yanu siingagwire. Mukamaliza, yesani mita ndi GPS ya pafoni pamsewu wowongoka. Ngati ndi ya mamailosi, 30 ndi pafupifupi 48 km/h, 50 ndi 80. Lembani manambalawo pakapepala mumate pa dashibodi, apolisi a kamera samawerenga mamailosi.